Za Kuyankha Mlandu wa Ngongole, Kale ndi Lero

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za pepala limodzi limene anthu ambiri a kuno kwathu aliopa koposa njoka ya m'nyumba. Pepalalo ndilo chisamani cha ku khoti, chimene chifika pakhomo kudzanena kuti uje wakusumirani chifukwa cha ngongole. Tonse tidziwa chimene chichitika kawirikawiri: mwini nyumba alandira pepala, aliyang'ana kuwiri konse, alipinda, nalisomeka kudenga, ndipo sauza mkazi wake, sauza mbale wake, angoti kapena ziiwalika. Koma makolo athu adati mlandu suola. Tsono ife tayesa kuti n'kwabwino kulondola mbiri ya mlandu umenewu m'dziko lino la Kachebere, m'tsinde mwa mapiri a Mchinji kumene mtsinje wa Bua uyambira, kuti tione umo anthu ankayankhira mangawa awo kale, ndi umo mayankhidwewo adasinthira, kufikira masiku ano pamene kukhala chete kwasanduka kuvomera.

Tiyambe ndi masiku amene ndalama zidali zisadafike. Achewa a kwa Mkanda, amene adali eni dziko lino, ankakongozana monga anthu onse akongozana. Wina ankabwereka khasu, wina mchere, wina mbuzi ya pamaliro, ndipo chaka cha njala mayi ankanyamula lichero kunka kwa mnansi amene nkhokwe yake idali isadathe. Koma mangawa aakulu enieni sankachokera m'kubwereka ayi, ankabadwa m'milandu. Munthu akapweteka mnzake, akagwidwa ndi mkazi wa mwini, kapena moto wake ukalowa m'munda mwa wina, bwalo linkagamula dipo, ndipo dipolo linkakhala ngongole kufikira litaperekedwa. Chifukwa chake m'kamwa mwa akale mawu awiriwa, mlandu ndi ngongole, adali ngati mapasa.

Chimene tifuna kuti owerenga achigwiritse ndi ichi: munthu sankayankha yekha. Aliyense adali ndi nkhoswe yake, ndipo mbumba iliyonse idali ndi mwini wake, ndiye mtsibweni, mlongo wa amayi. Mwini chuma sankayamba ndi kukalipira wamangawa panjira. Ankatuma mawu kwa nkhoswe. Nkhoswe ziwiri zikalephera kumvana m'nyumba, nkhani inkatuluka kunka kubwalo kwa nyakwawa, ndipo ikakula inkakwera kwa mfumu yaikulu. Pamenepo aliyense ankapatsidwa mpata wa kulankhula kufikira mawu atamthera, mboni zinkaitanidwa, akuluakulu ankafunsa ndi kubwerezanso kufunsa, mwina mpaka dzuwa kupendeka. Padalibe pepala, padalibe kalaliki, komabe padalibenso kuiwala, pakuti mudzi wonse ndiwo udali buku. Kuthawa kudalibe phindu, chifukwa wothawa ankasiya mlandu pamutu pa alongo ake ndi ana awo. Ndipo kugamula mlandu mwini wake asadamveke, iye kapena nkhoswe yake, chidali chinthu chimene akulu a bwalo sakadachiyesa chilungamo.

Koma tisatamande zakale mopitirira, ngati kuti kudali mkaka ndi uchi wokhawokha. Mwambo womwewo, umene unkateteza munthu kuti asaime yekha, udali ndi mano ake. Dipo likakula koposa chuma cha mbumba, mtsibweni ankapereka munthu kuti akakhale chikole kwa mwini mlandu, ndipo kawirikawiri munthuyo adali mwana wa mlongo wake, wosadziwa kanthu za kulakwako. Mwa mwambo chikole chinkayenera kuwomboledwa. Mbumba ikapeza makasu, nsalu kapena mnyanga wa njovu, mwana ankabwerera kwa amake. Koma zaka zikapita osawomboledwa, ankasanduka kapolo, ndipo pamene malonda a akapolo adakula m'zaka za m'ma 1800, ogula sadali kutali. Achikunda ankakwera kuchokera ku Zambezi, Ayao ndi Alungwana ankadzera kunyanja, kumene a Jumbe adali ndi doko lawo pa Nkhotakota. Chikole chimene kale chikadakhala m'mudzi woyandikana, amake n'kumachiona polowa kudambo, tsopano chinkatha kumangidwa goli ndi kuoloka nyanja osabweranso. Ndipo wamangawa akakana kwa mtu wagalu kuti alibe mlandu, mboni n'kusowa, padali mwavi woti uweruze. Antonio Gamitto, Mpwitikizi amene adadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa mu 1831 pa ulendo wochokera ku Tete kunka kwa Kazembe, adadandaula kwambiri ndi milandu ya anthu a kuno, imene inkaimitsa alendo panjira kufikira atalipira nsalu. Iye adaiona ngati umbala. Ife tionamo anthu amene sankalola mlandu kugona.

Angoni a Mpezeni adakhazikika m'dziko la Mkanda cha m'ma 1870, nabwera ndi mwambo wina, wa ng'ombe ndi wa kuchimuna, umene atate ndiwo ayankhira ana. Mbiri ya nkhondo zawo tiisiye lero. Tingoti m'mwezi wa January 1898 asilikali a Boma la British Central Africa adalowa m'dziko la Mpezeni, Angoni adagonja, Nsingu mwana wa Mpezeni adawomberedwa mu February, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zidalandidwa. Linga la asilikali la Fort Manning lidasanduka boma, limene lero titchula Mchinji, ndipo kutsidya kwa malire kudamera boma la Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero. Patapita zaka 5 zokha, mu 1903, Abambo Oyera adamanga misoni pa Kachebere. Munthu amene adabadwa pa nthawi ya chikole ndi mwavi adakulira m'dziko lina ndithu.

M'dziko latsopanolo mudali ngongole ya mtundu umene makolo sadaudziwe: ngongole imene munthu sadakongole kanthu, koma chaka ndi chaka ibwera yokha. Tikunena msonkho. Mu 1894 Boma lidaika mashilingi 3 pa nyumba iliyonse. Mu 1901 msonkho udakwera kufika mashilingi 6, koma amene adagwira ntchito mwezi umodzi kwa Mzungu ankapereka theka. Mu 1912 udafika mashilingi 8. Mlandu umenewu udalibe bwalo. Padalibe nkhoswe yoti inene kuti chaka chino dzombe ladya, dikirani tikolole. Asilikali ndi amesenjala ankafika m'mudzi, ndipo wosapereka ankatha kutentheredwa nyumba kapena kutengedwa kukagwira ntchito. Mwamuna akathawira kuthengo, m'malo ambiri ankagwira mkazi wake ndi kumsunga kuboma kufikira mashilingi atapezeka, ndipo ichi chidali chimodzi mwa zodandaula zimene zidamveka pofufuza za kuukira kwa John Chilembwe kwa mu 1915. Taonani tsono: Boma limene lidathetsa ukapolo, naliletsanso mwavi ndi lamulo la mu 1911, lidatenga chikole lokha, ngakhale silidachitchule dzinalo. Ife tiyesa kuti apa ndi pamene anthu athu adaphunzira khalidwe la kuthawa munthu wobwera ndi pepala. Ndipo kuno kumalire kuthawa kudali kwapafupi, popeza abale adali mbali zonse ziwiri. Wina ankagona kwa mlongo wake kutsidya mpaka amesenjala atabwerera. Ena ambiri adapita kukafuna ndalama ku minda ya fodya ya ku Fort Jameson, ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Johannesburg, ndipo ena mwa iwo adatchona.

Ndalama zitafika, sitolo nazo zidafika, za Mandala ndi za Amwenye, ndipo pamodzi nazo lidafika buku la ngongole. Apa padachitika kusintha kwakukulu kumene anthu sadakuzindikire msanga. Kale mboni ya ngongole idali munthu, amene ukhoza kumfunsa, kumkumbutsa, ngakhale kumchititsa manyazi akanama. Tsopano mboni idasanduka mzere wa m'buku, wolembedwa ndi dzanja la mwini sitolo, m'chinenero chimene wokongola sakadachiwerenga. Boma la Nyasaland lidali ndi lamulo lotchedwa Credit Trade with Natives Ordinance, limene lidaletsa wamalonda amene sadali wakuda kusumira munthu wakuda pa ngongole yopitirira ndalama zochepa. Eni lamulolo ankati ateteza anthu kuti asamire m'mangawa, ndipo pang'ono padalidi choona. Koma mpeni womwewo udadula mbali ina: wamalonda wakuda, wofuna kutsegula kantini yake kapena kugula makina osokera, sankapeza womkongoza, pakuti ndani akongoza munthu amene sangamsumire? Chotero lamulolo lidatchinjiriza wosauka ku ngongole, koma lidamtchinjirizanso ku chuma.

Za mabwalo a mafumu, Boma poyamba lidawaiwala dala. Lamulo la mu 1912 lidaika mafumu akuluakulu oti athandize Bwana Disi, koma silidawapatse mphamvu ya kuweruza, ngakhale anthu ankapitabe kwa iwo monga kale. Mu 1933, pa nthawi ya Bwanamkubwa Hubert Young, padabwera malamulo awiri amene adakhazikitsa maulamuliro a mafumu ndi makhoti awo. Kuyambira pamenepo khoti la mfumu lidakhala ndi kalaliki, buku la milandu, mesenjala ndi ndalama ya kusumira. Apa ndipo chisamani chidalowera m'midzi ya kwa Mkanda, kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni. Milandu ya ngongole idachuluka m'makhoti amenewa, ndipo yambiri idali ya pachibale. Munthu wobwera ku migodi ankapatsa mlamu wake mapaundi awiri, iye n'kumati wakongoza, mlamu n'kumati walandira mphatso ya m'bale wochoka kuulendo. Chimene kale chidali chithandizo chosawerengedwa, ndalama zidachisandutsa chinthu chowerengeka. Komabe chisamani cha masiku amenewo chidali chidakali ndi nkhope ya munthu. Mesenjala wochibweretsa ankadziwa nyumba yanu ndi dzina la mtsibweni wanu, ndipo mukapanda kubwera, ankabwereranso kudzakutengani. Mlandu unkadikira mwini wake.

Pafupi ndi ufulu wa dziko zinthu zidasinthanso mofulumira. Lamulo la mu 1962 lidachotsa makhoti m'manja mwa mafumu, naliika apampando osankhidwa ndi Boma. Mu 1969 makhotiwo adasanduka makhoti a miyambo, m'mene maloya sankaloledwa kuimira munthu. Akuluakulu mwa makhoti amenewa adatchuka ndi milandu ya ndale, ndipo mbiri yawo ndi yowawa. Koma aang'ono a kumidzi ndiwo ankaweruza za mbuzi, za maukwati ndi za ngongole, m'chinenero cha anthu ndi pafupi ndi kwawo. Atathetsedwa pa kusintha kwa mu 1993 ndi 1994, milandu yonseyo idapita kwa amajisitireti. Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la makhoti a m'madera mu 2011, koma zaka zambiri zidapita makhotiwo osatsegulidwa.

Tsopano tifike pa ngongole imene akuluakulu ambiri owerenga nkhani ino adaisenza okha, ndiyo ya feteleza ndi mbewu. M'zaka za m'ma 1980 alimi a chigawo cha zaulimi cha Kasungu, m'mene Mchinji alimo, ankakongola kudzera m'makalabu, ndipo kuyambira mu 1988 ngongolezo zinkayendetsedwa ndi bungwe la Boma lotchedwa SACA. Lamulo la kalabu lidali lofanana modabwitsa ndi mwambo wa mbumba: mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse sinkalandira chaka chinacho. Chifukwa chake anansi okhaokha ndiwo ankasanduka okhometsa. Amene adaona adziwa umo njinga, mbuzi, wailesi, ngakhale zitseko ndi malata zinkanyamulidwira pakhomo pa wolephera, popanda khoti, popanda chisamani, anthu n'kumaopa kutsutsa chifukwa cha mantha a nthawi ya chipani chimodzi. Alimi a Malawi adatchuka kunja kuti ndi obweza ngongole koposa alimi a maiko ambiri, koma otamandawo sadafunse kuti zinkabwezedwa motani.

Kenaka kudagwa chilala cha 1991 ndi 1992. Chimanga chidauma chisadamasule, ndipo anthu adalibe choti abweze. Pa nthawi yomweyo ndale zidatentha, riferendamu ya pa 14 June 1993 idayandikira, ndipo m'midzi mudamveka mawu akuti ngongolezo zidzakhululukidwa. Obweza adachepa kwambiri, SACA idagwa, ndipo mu 1994 ntchito yake idapita ku kampani ya Malawi Rural Finance Company, imene idabwera ndi chiwongoladzanja chokwera. Sitiweruza alimi a chaka chimenecho. Njala idali yeniyeni. Koma tiyesa kuti padatsala phunziro lolakwika, lakuti ngongole ukaikhalira chete nthawi yokwanira, ifa yokha. Zidatheka kamodzi, pa ngongole ya Boma, pa chaka cha kusintha kwa ufumu. Banki, kampani yokongoza ndalama ndi munthu wa katapila sasankhidwa ndi mavoti, ndipo alibe chifukwa cha kuiwala.

Lero njira za kukongola zachuluka ngati nyerere: katapila, banki m'khonde, makampani odula ngongole pa malipiro a mphunzitsi asadawaone, ndi ngongole ya pa foni imene munthu aitenga ali gone pamphasa. M'matauni, ndi pakati pa ana athu okhala kunja, mulinso kadi ya ngongole. Popeza m'midzi sidziwika kwenikweni, tiifotokoze pang'ono, pakuti mbiri yake ionetsa kumene njira imeneyi ipita. Kadi yoyamba yotchuka idali ya Diners Club, imene idayamba mu mzinda wa New York mu 1950. Mu 1958 Bank of America idatumiza makadi kwa anthu a mu mzinda wa Fresno, osawapempha n'komwe, ndipo kadi imeneyo ndiyo idadzatchedwa Visa mu 1976. Kagwiridwe kake ndi kotere: munthu agula ndi kadi, banki ilipira wamalonda, ndipo pakutha pa mwezi banki ifuna zake. Wobweza zonse sataya kanthu. Wobweza pang'ono aona chotsalacho chikubereka chiwongoladzanja, ndi chiwongoladzanjacho chikuberekanso china. Ndi buku la m'sitolo lomwe lija, koma loyenda m'thumba.

Ku America banki ikatopa ndi wamangawa, kawirikawiri igulitsa ngongoleyo kwa kampani ina. Bungwe la Boma la kumeneko loyang'anira malonda, Federal Trade Commission, lidapeza mu 2013 kuti makampaniwo ankagula ngongole ya dola imodzi pa masenti 4 okha, kenaka n'kukafuna dola yonse kwa wokongola. Munthu alandira chisamani chochokera ku kampani imene sadaimvepo dzina, ndipo nthawi zina kampaniyo ilibe ngakhale pepala la pangano loyamba. Mu 2020 bungwe la Pew Charitable Trusts lidalengeza kuti m'madera amene lidafufuza, milandu yoposa 70 pa 100 iliyonse ya mtundu umenewu idagamulidwa wosumiridwa osayankha konse, ndipo osumiridwa okhala ndi loya sadafike 10 pa 100. Tiganize bwino mawu amenewa. M'dziko la masukulu ambiri ndi maloya ambiri, anthu ochuluka agonja osati chifukwa mlandu wawo wayesedwa ndi kupezeka wofooka, koma chifukwa sadatsegule pakamwa. Kusomeka pepala kudenga si matenda a kumudzi kokha.

Pafupi ndi ife, ku South Africa kumene kuli Amalawi ambiri, antchito a m'minda ya ku Stellenbosch ankadulidwa malipiro chifukwa cha zikalata zosainidwa ndi makalaliki a makhoti akutali, kumene eni ake sakadatha kufikako. Ena ankatsala ndi ndalama zosakwanira ufa. Iwowa sadakhale chete. Adapita ku ofesi ya chithandizo cha malamulo ya pa yunivesite ya kumeneko, mlandu udakwera, ndipo mu September 2016 khoti lalikulu la zamalamulo a dzikolo lidagamula kuti malipiro a munthu asadulidwe popanda majisitireti weniweni kuona ngati kudulako n'kolungama. Anthu ochepa oyankha adasinthira lamulo anthu zikwizikwi.

Tibwerere kwathu, tione chimene lamulo la Malawi lipatsa munthu woyankha. Choyamba ndi kuchotsa mantha akale. Malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994, pa ndime 19, anena kuti munthu asaponyedwe m'ndende chifukwa cha kulephera kukwaniritsa pangano. Ngongole wamba si mlandu wa apolisi. Wopita ku khoti kukayankha chisamani cha ngongole sapita kukamangidwa, apita kukamveka. Ndiponso kalata yoopseza ya wokongoza, kapena ya loya wake, si chisamani. Chisamani chenicheni chili ndi dzina la khoti, nambala ya mlandu ndi chidindo. Ndipo wokongoza alibe mphamvu ya kulowa m'nyumba ndi kunyamula katundu amene simudampatse chikole. Ntchito imeneyo ndi ya masherifu, ndipo iwo ayenda ndi chikalata cha khoti.

Koma masherifuwo afika bwanji pakhomo? Kawirikawiri afika kudzera pa khomo la kukhala chete. M'malamulo a High Court a mu 2017, wosumiridwa ali ndi masiku 14 chilandirireni chisamani kuti adziwitse khoti kuti adzayankha, ndi masiku 28 kuti apereke yankho lake lolembedwa. Ku khoti la majisitireti, monga la pa boma pa Mchinji, kumene milandu yambiri ya anthu a kumudzi ithera, tsiku kapena masiku ake alembedwa pa pepala lomwelo. Masikuwo akatha, wosuma apempha khoti kuti limpatse chigamulo popanda kumva mbali inayo, ndipo khoti limpatsa zimene adalemba, zoona ndi zonama pamodzi, kuwonjezapo chiwongoladzanja ndi ndalama zimene wataya posuma. Apa ndi pamene bwalo la lero lisiyana kotheratu ndi la nyakwawa. Lija linkadikira munthu. Ili liwerenga masiku. N'zoona kuti chigamulo chotere chikhoza kufafanizidwa, munthu akathamanga msanga nafotokoza chimene chidamchedwetsa ndi yankho limene ali nalo. Koma kutseka khola mbuzi zitatuluka n'kovuta, ndipo kudya ndalama zina.

Nanga woyankha anene chiyani, pamene adakongoladi? Apa ndi pamene ambiri alakwira, poyesa kuti mayankho ndi awiri okha, kukana kapena kuvomera. Nkhoswe yakale idadziwa kuti pakati pa ziwirizi pali munda waukulu. Munthu akhoza kuvomera kuti adakongola, nakana chiwerengero. Akhoza kufunsa kuti wosumayo ndani, ndipo ngati si amene adamkongoza, aonetse umo ngongoleyo idafikira m'manja mwake. Akhoza kufuna kuti pangano lionetsedwe, ndi kuti ndalama zonse zimene adabweza kale zichotsedwe. Pamenepo malisiti, mauthenga a pa foni, ndi buku la gulu la banki m'khonde ndizo mboni zake, ndipo wozitaya wataya nkhoswe. Wosuma ndiye ayenera kutsimikiza mlandu wake, koma ayenera kutero pokhapokha wina atamfunsa.

Pa za chiwongoladzanja pali lamulo lakale limene anthu a katapila sakonda kuti lidziwike, lotchedwa Loans Recovery Act. Lipatsa khoti mphamvu ya kutsegulanso pangano la ngongole likaona kuti chiwongoladzanja chapitirira muyeso ndipo panganolo ndi lankhanza, ndi kuchotsa chopitiriracho, ngakhale wokongola adasaina ndi dzanja lake. Munthu amene adatenga K50,000 nauzidwa kuti pakutha pa mwezi abweze K100,000, ndipo mwezi winawo K200,000, ali ndi mawu oti anene pamaso pa majisitireti. Pali lamulo linanso, la Limitation Act, limene liti mlandu wa pangano usumiridwe zisadathe zaka 6. Khoti silikumbutsa munthu zimenezi. Mwini wake ayenera kuzitchula. Ndipo achenjere, pakuti kubweza kandalama pang'ono, kapena kulemba kalata yovomera ngongoleyo, kuyambitsanso kuwerenga kwa zakazo. Tisamveke molakwa: sitikuphunzitsa anthu kubisala kuseri kwa zaka kuti adye chuma cha mnzawo. Wokongola kwa mkazi wamasiye adziwa yekha choyenera kuchita, zaka zikhale 6 kapena 20. Koma lamuloli lidaikidwa chifukwa mboni zifa ndipo mapepala atayika, ndipo si chamanyazi kulitchula kwa amene adikira dala kuti chiwongoladzanja chikule.

Ngongole ikakhala yoona ndi chiwerengero chake cholungama, kuyankha kudakali ndi phindu. Khoti lili ndi mphamvu ya kulola munthu kubweza pang'onopang'ono, ndipo wopempha ayenera kunena zoona za chuma chake: alima maekala angati, adyetsa anthu angati, mtedza kapena soya agulitsa mwezi uti. Mlimi wa kuno ndalama aziona pambuyo pa kukolola, ndipo pangano la kubweza m'mwezi wa January ndi pangano lobadwa lakufa. Anene zimenezo poyera. Amagulu awiri akhozanso kumvana okha mlandu usadaweruzidwe, koma chimene agwirizana chilembedwe ndi kuperekedwa ku khoti, kuti mawa wina asadzati sindidanene. Wosowa ndalama ya loya afunse za Legal Aid Bureau, bungwe la Boma loimira osauka, ndipo wosadziwa kuwerenga Chingerezi apite ndi pepalalo tsiku lomwelo kwa mphunzitsi, kapena kwa kalaliki wa khoti, amene angamuuze tsiku ndi malo ngakhale sangamuimire pa mlandu. Ku khoti kuli womasulira, ndipo munthu akhoza kulankhula Chichewa.

Chatsala chinthu chimodzi, chimene chitikumbutsa kuti chikole sichidafe konse. Mabanki ndi makampani ambiri sakongoza munthu popanda wina womsainira. Ambiri asaina ngati kuti achita ulemu chabe, kwa mlamu, kwa mnzawo wa kuntchito, kwa mwana wa mlongo. Koma wosainayo walonjeza kuti wokongola akalephera, iye adzabweza. Kale mtsibweni ankapereka mwana wa mlongo wake chifukwa cha mlandu wa mbumba. Lero mwana wa mlongoyo akwera basi kunka ku Johannesburg, ndipo chisamani chifika pakhomo pa mtsibweni amene sadadyeko ngakhale tambala imodzi. Iyenso ali ndi ufulu wa kufunsa pangano limene adasaina, wa kufunsa ngati lidasinthidwa iye osadziwa, ndi wa kuona chiwerengero cha zimene wothawayo adabweza asadapite. Ndipo masiku a pa pepalalo ayamba kuwerengedwa kwa iye tsiku limene walilandira, ngakhale mwini ngongole ali kutsidya kwa Limpopo.